Maso a Mbewu ya Amayi

Tsiku lomwe ndidatsimikiza mtima kuti ndichoka kwathu ku Tsangano ndidali nditagwada m'dimba, zala zitauma ndi chisanu, ndikudzazira mayi wina wa ku Tete kachewere m'thumba. Mayiyo sadatsike n'komwe m'kamiyau mwake, lole yonyamula katundu ija. Adangotsegula chitseko, mwendo umodzi panja, akusenda lalanje. Thumba litadzaza adati, "Onjeza, mtsikana, matumba anga amavala chipewa." Tidasokerera chidutswa china pamwamba n'kudzazanso. Mtengo adatchula yekha, ababa n'kuwomba m'manja kuthokoza. Kuthokoza! Miyezi inayi tikuthirira, tikupopera, tikulawirira nkhungu ili mbuu, ndiye tizithokoza wotibera masanasana?

Pobwerera kunyumba ndidamuuza Domingo, mlongo wanga wopondana nane. "Iwe, waona? Wolima ali m'matope, wogula akudya lalanje. Ine basi, ndikupita komwe kukudyedwa malalanjeko."

Domingo sachedwa kuseka koma amachedwa kuyankha. Tidayenda mpaka pa mitengo ya mapichesi ya kuseri kwathu, ndiye n'kundiyankha ngati mkulu wake, poti kwathu achemwali timati mana: "Pitani, mana Jasinta. Ine nditsala. Wina azikhala, kuti wopitayo akhale ndi kobwerera."

Ndidamuseka. Ndidamuuza kuti adzakalamba msana utapindika, mkazi wake adzakhala khasu. Pakamwa panga n'chibadwire sipachedwa, ndipo padandilowetsa m'zambiri.

Kuti mumvetse chomwe chidamanga Domingo pamudzi, ndikuuzeni za mbewu. Nkhondo itatha, makolo athu adabwerako ku Malawi komwe adathawira. Adapeza nyumba palibe, dimba lili bango lokhalokha. Amayi adafika atasenza dengu limodzi la kachewere wofiira khungu, ndipo ngakhale njala idawapweteka panjira, sadaotchepo ndi mmodzi yemwe. Dengu limenelo ndi lomwe lidabala malata a panyumba pathu, makope athu a kusukulu, mbuzi, zonse. Tikakumba, amayi ankakhala pansi n'kumasankha tofanana ndi dzira la nkhuku, topanda chilema, n'kukatiyala pa udzu m'kanyumba ka kuseri mpaka titatulutsa maso. Ine ntchito imeneyo inkandinyansa, ndinkathawira kumsewu kukagulitsa. Domingo ndiye ankakhala nawo. Amayi atatisiya, kanyumbako kadakhala kake. Anzake adatha onse, ena ku Joni, ena ku migodi ya malasha, koma iye ayi. Ankati maso a ababa ayamba kuchita chimbuuzi, akasiyidwa okha angasakanize mbewu ya amayi ndi yodwala. Pakhomo pathu lamulo lidali limodzi. Mbuzi ungagulitse, nkhuku yoikira ungaphe, koma mbewu sadya.

Ku Tete ndidatsika chapa, kaminibasi kaja, nditavala juzi. Abale, moto umene udandilandira! Ndidapeza kachipinda m'dera la Josina Machel, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachinyungwe, Dona Zefa. Atandiona adagwira m'chiuno n'kuseka. "Muli tani, Angoni? Juziyo ndi ya maliro a yani?" Sabata isanathe ndidaipatsa munthu. Malata a kachipindako ankatentha moti ndinkanyowetsa chitenje n'kufunda chonyowacho. Chinyungwe ndinkamva theka, theka lina ndinkangovomera ndi mutu.

Ndidayamba ndi timilu ta kachewere ta pansi, pa saka, m'mbali mwa msika. Chaka chachiwiri ndidapeza banka yangayanga, kathebulo ka matabwa kokhala ndi mthunzi. Ndidaphunzira msanga. Zikuluzikulu pamwamba pa chidebe, zing'onozing'ono pansi. Wa kamiyau akabwera ndi thumba lopanda chipewa, ndinkalikankha ndi phazi n'kumufunsa ngati wanditenga ngati mwana. Sindinkaganizako kuti kumtunda kuja wina wagwada m'matope kusoka chipewacho. Ndalama inkalowa, osati yambiri monga ankaganizira kwathu, koma inkalowa. Nyengo ya feteleza ndinkatumiza kangachepe pa foni, ndipo ndikatumiza ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ndikuti mudzi wonse uja ndausenza ndine.

Zomwe sindinkawauza ndi za Lamulungu masana. Msika ukazizira ndinkasowa kolowera. Ndinkapita kukaima pafupi ndi mlatho, n'kumayang'ana makamiyau otsika kuchokera kwathu, dothi lofiira lidakali m'matayala. Nthawi zina pomasula thumba ndinkatapa kadothi kotsalira pansi n'kukanunkhiza, ine munthu wamkulumkulu. Ndidadwalapo malungo masiku asanu, wondipatsa madzi adali Dona Zefa yekha. Domingo ataimba ndidakhala tsonga, n'kukonza mawu, n'kunena kuti ndili bwino kwabasi, ndangotopa ndi makasitomala. Iye ankanditumizira zithunzi za munda, kachewere atachita maluwa mpaka kumalire. Ine ndinkamutumizira zanga nditaima pakhomo pa sitolo ya eni, ngati ndi yanga. Pa zaka zisanu ndidapitako kawiri kokha, ndi shuga, mafuta ophikira ndi pakamwa. Ndikafika ndinkangoti kuno kukuzizira, kuno kulibe chitukuko, inu mukudikira chiyani.

Chaka chachisanu ndidafuna kukhala mayi wa lalanje uja. Ndidatopa n'kugula thumba limodzilimodzi. Ndidasonkhanitsa mpamba wanga wonse n'kuitanitsa katundu wambiri pakamodzi. Udali mwezi wa Otuburu, wakhumi uja, pamene ku Tete ngakhale mbuzi zimasowa pobisala dzuwa. Kamiyau idafera panjira, kumunsi kotentha, n'kukhala masiku atatu katundu atamuphimba ndi lona. Pomwe inkafika, madzi adali akuchucha m'matumba. Amene adamvapo fungo la kachewere woola saliiwala. Ndidasankha tsiku lonse, zabwino sizidadzaze ngakhale zidebe ziwiri. Walira mvula walira matope, amatero, koma ine ndidalira matope okhaokha.

Banka idakhala yopanda kanthu sabata ziwiri, ena n'kuyamba kale kuizungulira. Dona Zefa adapirira nane za renda ya kachipinda kaja, koma naye ali ndi ana, nkhope idayamba kusintha. Kubwerera kumudzi chimanjamanja, ine amene ndidaseka anthu? Bola kufa. Ndidaimbira Domingo.

"Tumizani chilichonse chomwe chili m'nyumbamo," ndidatero.

"Mana, wogulitsa tidamaliza mwezi wathawu."

"Ndiye ine ndife? Zaka zonsezi ndakhala ndikukutumizirani feteleza, lero mundionerere ndikugona pa mlatho? Ndati chilichonse!"

 Ndinkamva nkhuku za kwathu zikulira pa foniyo. Kenako adati, "Ndamva, mana."

Patapita masiku anayi, a Mateyu, dalaivala wa kwathu komweko, adanditsitsira matumba asanu ndi limodzi pakhomo pa Dona Zefa. Ndidamasula loyamba. Tidali timbatata tating'ono, tofiira, khungu litayamba makwinya, kalikonse katatulutsa maso afupiafupi, onenepa. Pakati pake padali timaudzu touma.

Apa ndi pomwe ndimafuna kunama, ndipo ndadzinamiza nthawi yaitali. Ndinkati ndidali nditakhalitsa m'tauni, sindidazindikire. Bodza. Mwana wa ku Tsangano angalephere kudziwa mbewu? Udzu umenewo ndidaudziwa, ndi wa m'kanyumba ka kuseri kaja. Manja anga adadziwa msanga, mutu ndiwo udakana. Ndidaona kuti kukwiya n'kopepuka kusiyana ndi kuvomera, ndiye ndidakwiya. Ndidaimbanso.

"Izi ndiye ziti? Timazira ta nkhunda timeneti agula ndani? Mwanditumizira zinyalala zomera ndevu, mukufuna anthu andiseke?"

"Pepani, mana," adatero Domingo. "Ndi zomwe zidalipo."

A Mateyu adali kubwerera m'mawa mwake, kamiyau ili yopanda kanthu. Ndikadangowauza kuti kwezani matumbawa, kukadatha. Mvula idali isanagwe, mizere kwathu idali itaungidwa kale, ikungodikira. Sindidawauze. Ndidakhuthula matumba onse pansi pa mtengo wa masawu wa Dona Zefa, ndidakhala pansi nditatambalala, n'kuyamba kuthyola maso ndi chala chachikuluchi. Wa m'tauni sagula kachewere womera. Ndidathyola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kamodzikamodzi, thyo, thyo, thyo, mpaka chala chidachita thuza. Masowo nditawasesa adadzaza beseni.

Dona Zefa adaima pambali akundiyang'ana. "Kodi zimenezi si zomwe mumabzala kwanu?"

"Ndi zotsalira chabe," ndidayankha osadzutsa mutu. Beseni lija ndidakalikhuthula kudzala.

Ndidagulitsa motchipa kwa anyamata okazinga mbatata pokwerera chapa. Mbewu yomwe amayi adaisenza pamutu kuchokera ku Malawi idathera m'chiwaya, anthu n'kumadya ndi tsabola ataimirira. Banka yanga idapulumuka. Renda ndidalipira, malonda adayambanso kuyenda.

Dzinja limenelo chithunzi cha maluwa sichidabwere. Ine sindidafunse. Nditatumiza ya feteleza, Domingo adandilembera uthenga waufupi: "Sungani, mana, chaka chino sitikufuna." Apanso sindidafunse. Ndinkaimba n'kumakamba za kutentha, za mitengo ya zinthu, za Dona Zefa, n'kudula msanga asanayambe nkhani ya kumunda. Chisanu chitafika, foni yake idasiya kulowa. Ababa alibe foni, ndinkawapeza kudzera kwa oyandikana nawo. Ndikafunsa za Domingo ankati, "Watsikira kudimba." Tsiku lina m'mawa, tsiku lina madzulo, yankho lomwelo. Ndinkalilandira chifukwa linkandikomera.

Otuburu wotsatira a Mateyu adanditsitsira kachewere woyera, wamkulu bwino. Akupukuta thukuta adati, "Ameneyu mumugulitse monyadira, ndi wa m'dimba lanu lija."

"Lathu liti? Ife timalima wofiira."

Adaleka kupukuta thukuta. "Aa, mayi. Kodi simukudziwa?"

Adandifotokozera titaima pomwepo, pakati pa msika. Mvula itagwa, kwathu kudalibe chobzala. Nthawi imeneyo mbewu imakwera mtengo, aliyense akuifuna. Domingo adayenda m'maganyu mwezi wathunthu n'kugulako pang'ono kwa munthu wa pamsika. Idali yodwala. Idamera bwinobwino, itafika m'mawondo idafota yonse. Popanda zokolola za dzinja, dimba lidasowanso mbewu, m'nyumba mudalowa njala. Domingo adabwereketsa dimbalo kwa bambo wina wa injini yopopa madzi, kwa zaka zingapo, ndipo ndalama yake adagawa pawiri, ina chimanga cha ababa, ina ya ulendo.

"Ulendo wa kuti?"

"Ku Joni. Ndidamutenga ndine. Ndidamutsitsa tsidya lino la mlatho, pomwe pamaima mabasi aja. Ndidamufunsa kuti kodi sukawaona achemwali ako, si apa pomwepa? Adati ayi, ali otanganidwa."

Kuchokera pamene adatsikirapo kufika pa banka yanga, munthu amayenda wapansi osatuluka thukuta lambiri. Mlongo wanga adakhala pamenepo theka la tsiku akudikira basi, ine ndili apa ndikukangana ndi munthu za chipewa cha thumba. Kaya udali mkwiyo, kaya ankaopa kuti ndikamuona ndi chikwama ndidzasweka mtima, sindikudziwa mpaka lero. Ndidakhala pansi pa thumba lija n'kulira mokweza, amayi a pamsika n'kumafunsana kuti wamwalira ndani.

M'mawa mwake ndidakwera chapa. Titayamba kukwera mapiri mphepo idandilasa, ndipo ndidakumbuka kuti juzi ndilibe. Ndidafika ndikunjenjemera ngati mlendo.

Mudzi ndidauona ndi maso ena. Nyumba za malata zachuluka, zina zopaka utoto, koma zambiri zili ndi loko, eni ake ali kutali. Panjira ndidakumana ndi okalamba ndi ana basi. Kudimba kwathu injini idali kulira, ndipo omwe adali kukumba m'menemo ndi ana a m'mudzi momwemo, aganyu pa nthaka yomwe adabadwirapo. Kale ndinkati otsala pamudzi ndi ogona, opanda nzeru zochokera. Si choncho. Aliyense wotsala ali ndi kanthu kena kamene kamugwira, wina ng'ombe ziwiri, wina mayi wodwala, wina mbewu. Kakangoduka kameneko, naye amanyamuka. Ka Domingo ndidadula ndine.

Ababa ndidawapeza pakhonde akusenda nyemba, ataonda, malaya akulendewera. Sadandizindikire mpaka nditalankhula. "Jasinta? Wabwera ndi chapa ya m'mawa? Wadya?" Palibe mawu ena. Ndikadakonda akadanditukwana.

Ndidagwada pafupi. "Ababa, bwanji mudalola kuti mbewu ya amayi ichoke m'nyumba muno?"

"Ine ndidakana," adatero, manja akusendabe. "Ndidaima pakhomo pa kanyumbako. Mlongo wako adandisuntha bwinobwino, n'kuyamba kuthira m'matumba yekha. Adati, ababa, mbewu tidzapeza ina, koma mana ndi mmodzi."

"Nanga atachoka, bwanji munkandiuza kuti ali kudimba?"

"Adandipempha. Adati ukamva udzasiya malonda ako."

Zaka zisanu ndinkati ndasenza mudzi ndi tindalama ta pa foni. Kodi si mudziwo umene udandisenza ine? Nditagwa, adandiyalira chokhacho chomwe adali nacho, ine n'kuchitcha zinyalala. Mawu amenewo amandiwawa kuposa china chilichonse, chifukwa ndiwo omaliza omveka bwino amene ndidamuuza mlongo wanga za ntchito ya manja ake.

Madzulo ake ababa adanditengera kuseri, akupapasa khoma. Adakankha chitseko cha kanyumba kaja. Udzu udali woyalidwa monga kale, malo onse ali mbee, koma pakona padali lichero limodzi. Mudali kachewere wofiira, atatulutsa maso.

"Tsiku lomwe ankathira m'matumba, tina tidagubuduka n'kubisala mu udzu," adatero. "Domingo adatipeza posesa, tokwana m'manja awiri. Tidabzala kuseri kwa khitchini. Iye atapita ndidabzalanso, ndikuthirira ndi chitini. Ndi izi. Akadzabwera asadzapeze m'nyumba mwake muli mbee."

Ku Tete ndidabwererako kamodzi, kukatenga katundu wanga ndi kusiyira mdzukulu wa Dona Zefa banka ija. Dona Zefa adandiperekeza mpaka pokwerera, n'kundipatsa juzi yakale ya mwamuna wake. Sadaseke ulendo uno. Anzanga a pamsika adati ndapenga, ukusiya ndalama kukagwira khasu? Mwina ndapengadi. Khasu sindidayambe kulikonda, chisanu chimandipwetekabe m'zala, ndipo a makamiyau akubwerabe ndi matumba awo a chipewa. Dimba likadali m'manja mwa eni injini. Koma ababa sangakhale okha, ndipo lichero lija likufuna munthu wa maso.

Nambala ya Domingo ya ku Joni ndidaipeza kwa mnzake wina. Akuti amagwira ntchito pa munda wa mzungu, amakumba mbatata za eni. Ndidaimba kangapo, sadayankhe. Ndidalemba zambiri, ndikufufuta, ndikulembanso. Pomaliza ndidangotumiza kuti, "Domingo, ndili pakhomo. Kobwerera ulinako." Foni imaonetsa kuti adawerenga. Miyezi yapita, sadayankhe, ndipo ndilibe pakamwa pomudandaulira.

Mvula yoyamba itagwa tidapita kumunda wa kumtunda, ine ndi ababa. Munda womwe unkadya matumba asanu ndi limodzi, ine ndidaunga mizere itatu yokha. Ababa adakana kuti ndinyamule lichero, adalinyamula okha njira yonse, akuyenda pang'onopang'ono. Za pansi pa mtengo wa masawu zija sadziwa. Amaganiza kuti ndidangogulitsa, monga agulitsira munthu aliyense wopanikizika. Sadziwa za chala changa, sadziwa za beseni.

Titafika adaima pamutu pa mzere woyamba, n'kunditambasulira lichero ndi manja awiri.

"Gwira bwino, mwana wanga," adatero. "Uzitola kamodzikamodzi, mofatsa. Maso angathyoke."

Ndidalandira. Ndidakhala pansi pa dothi lonyowalo lichero lili pamiyendo, misozi n'kumagwera pa mbewu. Ababa adamva kufwenthera kwanga. Adapapasa mpaka adapeza phewa langa.

"Wakumbuka amayi ako?"

"Eya, ababa," ndidatero.